Ndemanga yanga pa ofesi ya maloya imene inagwira mlandu wa amuna anga atavulala ubongo

Kalata ya kampani ya inshuwalansi inatipeza patangotha milungu 7 amuna anga atatuluka m'chipatala. Inali ya masamba awiri, yolembedwa mwaulemu, ndipo inkalonjeza ndalama zokwanira kubweza zimene tinawononga kuchipatala, kugula njinga yamoto ina, n'kutsalako pang'ono, malinga ngati amuna anga akanasayina pansi pa mzere wonena kuti nkhaniyo yatheratu ndipo sadzafunsanso kanthu. Ine ndinali wokonzeka kuwapatsa cholembera, chifukwa ngongole zinali zitatifika m'khosi, komanso kwa munthu wowaonera patali, bambo a ana angawo anali atachira: bala la pamutu linali litapola, ankayenda okha, ndipo ankacheza bwinobwino ndi anthu obwera kudzawazonda. Namwino wina amene anawasamalira ndiye anandichenjeza kuti ndisalole kusayina chilichonse ndisanaonane ndi loya wozolowera milandu ya anthu ovulala m'mutu. Ndemangayi ikunena za ofesi imene ndinapitako. Dzina lake sindilitchula, popeza ndifotokoza zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo ndikufuna kuti aliyense amene ali m'mavuto ngati athu adziwe zimene angayembekezere ndi zimene ayenera kufunsa asanapereke mlandu wake m'manja mwa maloya.

Amuna anga ndi kalipentala. Tsiku la ngoziyo ankachokera kuntchito pa njinga yamoto, ndipo lole ya kampani ina yonyamula katundu inakhota pamphambano dalaivala asanayatse chizindikiro, n'kuwawomba chakumbali. Chipewa chodzitetezera anavala ndithu, koma lamba wa pachibwano sanamange, moti chinavuka iwo asanafike pansi, ndipo anamenyetsa nkhongo pamsewu. Anakomoka kwa mphindi pafupifupi 20, anagonekedwa m'chipatala masiku 12, ndipo mpaka lero sakumbukira ngoziyo ngakhalenso masiku anayi otsatira.

Kukumana koyamba kunali kwaulere, ndipo kunatenga maola awiri. Amene anatilandira anali loya, mayi wachikulire, wosathamanga polankhula. Atacheza ndi amuna anga kwa kanthawi, anawapempha kuti akapume panja, n'kutsala ndi ine ndekha. Mafunso amene anandifunsa ndi amene anandichititsa kuikhulupirira ofesiyi, chifukwa sanayambe ndi za lole kapena za ndalama. Anati, "Mayi, kodi bambowa amamvabe fungo la zinthu? Ana akamasewera m'nyumba amatani? Mukawatuma zinthu zitatu, amabwera ndi zingati?" Ndinayamba kulira, chifukwa zimenezi n'zimene ndinkabisira abale anga ndi awo omwe. Amuna anga anali atasiya kumva fungo, moti tsiku lina waya wa magetsi ankapsa m'chipinda iwo atakhala momwemo osadziwa kanthu. Munthu amene pa zaka 16 za ukwati wathu sanakalipirepo mwana mwaukali, tsopano ankazaza chifukwa cha phokoso la mpando wokokedwa, kenako n'kumakagona ali ndi manyazi. Ndinawaonanso akuyeza thabwa limodzi katatu, kulemba nambala padzanja, kenako n'kudulabe molakwika, n'kuimirira akuyang'anitsitsa sowo ngati chida chimene sanachigwirepo. Mayiwo analemba zonsezi, ndipo anandiuza kuti mlandu wathu wagona pa zinthu zimenezi, zomwe kalata ya inshuwalansi ija sinazitchule n'komwe.

Kenako anatsegula mapepala a kuchipatala n'kundilozera nambala 11 imene inalembedwa pafupi ndi zilembo zakuti GCS. Anafotokoza kuti umenewu ndi muyeso wotchedwa Glasgow Coma Scale, umene madokotala awiri, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anaufalitsa mu 1974, ndipo umayeza ngati wovulala akutsegula maso, akulankhula zomveka komanso akusuntha thupi akauzidwa. Umayambira pa 3 n'kulekezera pa 15. Kuyambira 13 mpaka 15 amati kuvulala kwakung'ono, 9 mpaka 12 kwapakati, ndipo 8 kutsika m'munsi ndiye kwakukulu. Anandichenjeza kuti mawu akuti "kwakung'ono" amasocheretsa mabanja ambiri, chifukwa amanena za mmene munthu analili m'maola oyamba, ndipo ena mwa anthu olembedwa choncho amakhalabe ndi mutu wopweteka, chizungulire ndi kuiwalaiwala kwa miyezi yambiri. Anandithandizanso kumvetsa chinthu chimene chinkandizunguza: amuna anga anamenyetsa nkhongo, koma sikani ya CT, yojambula m'kati mwa mutu, inaonetsa kuti ubongo unasupuka kutsogolo, chapamphumi. Ubongo ndi wofewa ndipo umayandama m'madzi m'kati mwa chigaza, choncho mutu ukaima mwadzidzidzi, ubongowo umawomba mbali imene yamenyedwa kenako n'kubwerera kukawombanso mbali inayo. Mbali ya kutsogoloyo ndi imene imathandiza munthu kudziletsa, kukonza ntchito mwadongosolo ndi kuganizira zotsatira za zochita zake, ndipo pansi pake m'pamene pamadutsa timitsempha tonyamula fungo kuchokera m'mphuno. Kuchipatala anatifotokozera mwina, koma tinali osokonezeka. Kumva kwenikweni ndinamvera mu ofesi ya maloyayi, ndipo ndikuona kuti zimenezi zikusonyeza kuti anthuwa amaidziwa ntchito yawo.

Pa zaka ziwiri ndi miyezi 7 imene mlandu unatenga, ndinakhala m'chipinda chodikirira cha ofesiyi kambirimbiri, ndipo kucheza ndi mabanja ena komanso kufunsa mayi aja kunandiphunzitsa kuti chimene chavulaza munthu ndicho chimasonyeza amene ayenera kusumiridwa, ndiponso ngati pali chiyembekezo cholandira kanthu. Ine ndinkaganiza kuti ngozi zapamsewu ndizo zimavulaza anthu ambiri m'mutu, ndipo n'zoona kuti n'zochuluka, popeza bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, pamene enanso 20 mpaka 50 miliyoni amavulala. Koma m'mayiko ambiri kugwa ndiko kuli patsogolo, makamaka kwa ana aang'ono ndi okalamba, ndipo bungwe lomweli limati kugwa kumapha anthu pafupifupi 684,000 pachaka. Kugwa kwa okalamba n'koopsa mwapadera. Munthu akamakalamba ubongo umachepa pang'ono, timitsempha ta magazi tolumikiza ubongo ndi kachikopa kokuta ubongowo timakokeka, ndipo tingaduke ngakhale pa kugwa kooneka ngati kwachabechabe. Magazi amatuluka pang'onopang'ono, makamaka ngati agogowo amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, ndipo pakapita milungu ingapo amayamba kusokonezeka, kuwodzera masana kapena kukoka mwendo, achibale n'kumati ndi ukalamba basi. Pa milandu ya kugwa, loya amafufuza mwini malo: kodi pansi panali ponyowa popanda chenjezo, masitepe analibe chogwirira, kapena kodi nyumba yosamalira okalamba inasiya munthu wodziwika kuti amagwaigwa popanda womuyang'anira? Munthu akagwa m'nyumba mwake popanda wina wolakwa, nthawi zambiri palibe womusumira, ndipo ndinamva mayi aja akuuza banja lina zimenezi mosabisa m'malo molipatsa chiyembekezo chabodza.

Ovulala kuntchito ndi gulu lina lalikulu: ogwa pamakwerero ndi padenga, ogweredwa njerwa kapena zitsulo, ndi owombedwa ndi makina. M'mayiko ambiri muli lamulo la chipepeso cha ogwira ntchito, limene limalola wovulala kulandira ndalama popanda kusonyeza kuti abwana ake analakwa, ngakhale kuti ndalamazo zimakhala ndi malire, ndipo loya wabwino amayang'ananso ngati pali wina, monga wopanga chida chimene chinathyoka, amene angasumiridwe payekha. Omenyedwa ndi achifwamba, akazi omenyedwa ndi amuna awo, ndi makanda ogwedezedwa mwamphamvu ndi munthu amene watopa ndi kulira kwawo, milandu yawo ndi yomvetsa chisoni kwambiri, chifukwa wolakwayo angamangidwe koma kawirikawiri alibe chuma cholipirira chipepeso. M'mayiko ena boma lili ndi thumba lothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, ndipo loya ayenera kudziwa ngati lilipo. Pamasewera monga nkhonya, rugby ndi mpira wamiyendo, lamulo limaona kuti wosewera anavomera yekha ngozi zachizolowezi za masewerawo, koma sanavomere kunyalanyazidwa. Mayi aja anandipatsa chitsanzo cha wankhonya wa ku Britain, Michael Watson, amene anavulala ubongo pomenyana ndi Chris Eubank mu 1991, ndipo mu 1999 khoti linagamula kuti bungwe loyendetsa nkhonya m'dzikolo linalakwa posakonza thandizo lokwanira lachipatala pambali pa bwalo.

Mlandu wathu unali wapamsewu, ndipo pamenepa ofesiyi inagwira ntchito mofulumira mosiririka. Anandifotokozera kuti tiyenera kutsimikizira khoti zinthu zinayi zolumikizana: kuti dalaivala anali ndi udindo wosamala anthu ena pamsewu, kuti sanasamale, kuti kusasamalako ndiko kunavulaza amuna anga, ndiponso kukula kwa zimene tataya. Anawonjezera kuti mlandu wa chipepeso ndi wosiyana ndi umene apolisi amatengera dalaivala kukhoti, chifukwa pa mlandu wa apolisi woweruza ayenera kukhutira popanda chikayiko chomveka, pamene pa wathu zimangofunika kuti nkhani yathu ioneke yoona kuposa ya mbali inayo. Mlungu womwewo anatumiza munthu kukatenga lipoti la apolisi, kukajambula mphambanoyo, ndi kukafunafuna mboni. Mboni ziwiri zinapezeka, ndipo imodzi inali itasamuka kale, moti tikanachedwa ndi miyezi ina ingapo sitikanaipeza. Zithunzi za kamera ya pageti la kampani ina yapafupi zinali zitafufutika, popeza makamera ambiri amasunga zithunzi kwa masiku kapena milungu yochepa, ndipo mayi aja sanandibisire kuti umboni umenewu tinautaya chifukwa chofika mochedwa. Anasumira kampani ya eni lole, osati dalaivala yekha, chifukwa lamulo limati wolemba ntchito amasenza zolakwa zimene wantchito wake wachita ali pa ntchitoyo, ndipo kampaniyo ndi imene inali ndi inshuwalansi. Anandiuzanso za malire a nthawi yosumira, omwe amasiyana dziko ndi dziko: ku England ndi zaka zitatu, m'zigawo zambiri za United States ndi zaka ziwiri, ndipo kawirikawiri nthawiyi siyamba kuwerengedwa ngati wovulala ndi mwana kapena sangathe kudziyendetsera nkhani zake. Anatilangiza kuti tisadalire mwayi umenewu, chifukwa mbali inayo ikanatsutsa kuti amuna anga, amene ankayenda ndi kulankhula, sali m'gulu limenelo.

Ntchito yovuta kwenikweni, imene ndikuiyamikira ofesiyi kuposa zonse, inali yosonyeza kuvulala kosaoneka ndi maso. Mwendo wothyoka aliyense amauona pa chithunzi, koma munthu amene wasiya kukhala mmene analili, umamuonetsa bwanji kwa woweruza amene sanamudziwe kale? Anandipatsa kope kuti ndizilembamo tsiku ndi tsiku, mosakokomeza, zimene zachitika: maola amene amuna anga agona, zimene aiwala, pamene apsa mtima, ndi ntchito zimene ndawagwirira. Poyamba ndinkaona ngati ndikuwaneneza, ndipo kopelo ndinkalibisa pansi pa zovala, koma mayi aja anatikhazika pansi tonse awiri n'kufotokozera amuna anga kuti zolembazo n'zowateteza. Anatenganso umboni wolemba kwa makasitomala atatu akale ndi kwa mnyamata amene amaphunzira ntchito kwa iwo, kuti afotokoze kalipentala amene ankamudziwa ngozi isanachitike. Anakonza zakuti amuna anga akajambulidwe ndi MRI, imene imaona tizilonda ting'onoting'ono timene CT imaphonya, makamaka pamene timinyewa tonyamula mauthenga m'ubongo tatambasuka kapena taduka chifukwa cha kugwedezeka kwa mutu. Kenako anawatumiza kwa katswiri woyeza kaganizidwe, amene anakhala nawo pafupifupi tsiku lathunthu akuwayesa kukumbukira mawu, kutsatira malangizo angapo motsatizana, ndi kusintha kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina. Lipoti lake linali la masamba 31, ndipo linasonyeza kuti nzeru zawo zakale ndi luso la manja zilipobe, koma liwiro la kuganiza ndi kusunga zinthu zatsopano zinatsika kwambiri. Katswiriyo anandiuza kuti madokotala anayamba kalekale kuzindikira kusintha kwa khalidwe kotereku, ndipo anatchula Phineas Gage, kapitawo wa ntchito yomanga njanji ku Vermont m'dziko la United States, amene mu 1848 chitsulo chinamubaya patsaya n'kutulukira pamwamba pa mutu, iye n'kupulumuka, koma dokotala wake n'kulemba kuti anzake ankati sanalinso munthu yemwe uja. Nkhaniyi inandilimbitsa mtima, chifukwa ndinasiya kuganiza kuti amuna anga asintha mwadala.

Mbali ya inshuwalansi sinangokhala chete. Inatumiza amuna anga kwa dokotala wake, amene anawaona kwa mphindi 25 n'kulemba kuti achira ndipo akhoza kubwerera kuntchito. Maloya athu anali atatikonzekeretsa, anandiuza kuti ndipite nawo ndi kulemba nthawi imene talowa ndi kutuluka, ndipo pambuyo pake anayankha lipotilo mfundo ndi mfundo. Kampaniyo inafukulanso m'mapepala akale a chipatala kuti amuna anga ankadwala mutu waching'alang'ala kuyambira ali mnyamata, n'kunena kuti mavuto awo ndi akale. Apa mayi aja anandiphunzitsa mfundo ya lamulo imene makhoti a m'mayiko ambiri amaitsatira, yakuti wolakwa amasenza zotsatira zonse malinga ndi mmene wovulalayo analili, ndipo sangadzikhululukire ponena kuti munthu wina wathanzi sakanavulala chomwecho. Nkhani ya lamba wa chipewa ndiye inali yoona, ndipo maloya athu anakana kuibisa. Chipewa chovalidwa bwino chimachepetsa ngozi ya kuvulala ubongo ndi 74 peresenti pamene chathandiza kwambiri, malinga ndi World Health Organization, choncho kampaniyo inkafuna kudula gawo limodzi mwa magawo atatu a chipepeso. Mayi aja anatsutsa pogwiritsa ntchito milandu yakale, kuphatikizapo wa Capps ndi Miller umene unagamulidwa ku England mu 1989, pomwe mnyamata amene sanamange lamba wa chipewa anadulidwa 10 peresenti yokha, ndipo pomaliza mbali ziwirizi zinagwirizana pa 10 peresenti yomweyo. Zinandipweteka kumva kuti amuna anga nawonso ali ndi gawo lawo pa kuvulalako, koma ndinalemekeza kuti tinauzidwa zoona kuyambira tsiku loyamba.

Panali nthawi imene ndinakwiya nawo kwambiri maloyawa, ndipo lero ndikuona kuti iwo ndiwo ankalondola. Patatha miyezi 6 kampani ija inawonjezera ndalama zimene inkapereka, ndipo ine ndinapita ku ofesi kukapempha kuti tingolandira, popeza ana anali atatsala pang'ono kusiya sukulu. Mayi aja anandiuza kuti chosankha n'chathu ndipo sadzatikakamiza, koma malangizo awo ndi akuti tidikire. Anati ubongo umachira mofulumira m'miyezi yoyambirira kenako pang'onopang'ono kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo dokotala woona mtima sanganene mmene munthu adzakhalire moyo wake wonse nthawi imeneyi isanakwane. Chipepeso chotsekera mlandu chimalandiridwa kamodzi, ndipo ukasayina, zovuta zodzabwera m'tsogolo umazisenza wekha. M'malo mwake anapempha kuti kampaniyo ipereke kagawo ka ndalama mlandu uli m'kati, popeza inali itavomera kale kuti dalaivala analakwa, ndipo ndalamazo zinatithandiza kulipira sukulu ndi mafizo. M'mwezi wa 9 amuna anga anagwa khunyu koyamba m'moyo wawo, ali chiimire pakhomo, ndipo dokotala anatsimikiza kuti lachokera pa chipsera cha m'ubongo. Kuyambira pamenepo amamwa mankhwala tsiku lililonse, sayendetsanso njinga yamoto, ndipo saloledwa kukwera padenga kapena kugwiritsa ntchito sowo yamagetsi ali okha. Zonsezi zinalowa m'chiwerengero cha chipepeso, pamodzi ndi ndalama zimene akanapeza pa zaka zotsala za ntchito yawo, mtengo wa mankhwala a m'tsogolo, ululu ndi kutayika kwa zinthu zimene ankasangalala nazo, ngakhalenso maola amene ine ndimawasamalira, omwe sindinkadziwa n'komwe kuti lamulo limawawerengera.

Tsopano ndinene zimene sizinandisangalatse, chifukwa zilipo ndipo sizazing'ono. Choyamba ndi kusalankhula. M'chaka chachiwiri tinakhala miyezi itatu yathunthu osamva kalikonse, ndikaimba foni ankandiuza kuti mayi aja ali kukhoti ndipo adzandiimbira, koma osaimba. Kwa iwo inali nthawi yodikira malipoti a akatswiri, koma kwa ife unali usiku wosagona, ndipo amuna anga, amene ubongo wawo tsopano umakakamira pa nkhawa imodzi osaisiya, ankandifunsa m'mawa uliwonse ngati mlandu wathu watayidwa. Uthenga wa mizere iwiri pamwezi ukanatichotsera zonsezi. Chinanso n'chakuti fayilo yathu inadutsa m'manja mwa maloya achinyamata atatu, ndipo aliyense ankayambiranso kufunsa amuna anga za tsiku la ngozi, tsiku limene sakulikumbukira, moti ankatuluka mu ofesi atatopa ndi ochita manyazi. Makalata awo analinso a chilankhulo chozama cha kukhoti, masamba anayi kapena asanu, olembera munthu amene ofesi yomweyo inali itatsimikizira kuti sangasunge malangizo atatu pa nthawi imodzi. Ndinadabwa kuti anthu odziwa bwino chonchi za kuvulala kwa ubongo pa mapepala ankalephera kugwiritsa ntchito chidziwitsocho pochita zinthu ndi wovulalayo. Ngakhale chipinda chodikirira chinali ndi magetsi owala kwambiri ndi wailesi yakanema yosazimitsa, zinthu ziwiri zimene ovulala ubongo ambiri sapirira nazo.

Nkhani ya malipiro ndiyenera kuifotokoza mosamala, chifukwa sanatibere, komabe sanatifotokozere mokwanira. Tinagwirizana kuti sitilipira kanthu poyamba, ndipo ofesi idzatenga gawo la chipepeso ngati tapambana, dongosolo limene limaloledwa m'mayiko ena ndipo m'mayiko ena lili ndi malire kapena n'loletsedwa. Gawolo linalembedwa momveka ndipo silinasinthe. Chimene sichinatsindikidwe pakamwa n'chakuti malipiro a akatswiri, a sikani ya MRI ndi a mapepala a kukhoti ndi apadera, ndipo amene mbali inayo sinabweze anachotsedwa pa ndalama zathu. Zinalembedwa ndithu pa tsamba lachitatu la mgwirizano, koma munthu amene mwamuna wake wangotuluka kumene m'chipatala sawerenga tsamba lachitatu ndi mutu wabwino. Amene mukupita ku ofesi yotere, funsani kuti akulembereni chitsanzo ndi manambala, chosonyeza zimene zidzachotsedwe, ndani adzalipire akatswiri ngati mlandu walephereka, ndiponso ngati gawo la loya limawerengedwa zina zija zisanachotsedwe kapena zitachotsedwa. Funsaninso kuti ndi milandu ingati ya kuvulala ubongo imene agwirapo, ndi dzina la munthu mmodzi amene muzilankhula naye mpaka mlandu udzathe. Ine mafunso awiri omalizawa ndinafunsa loyamba lokha.

Mlandu sunafike pozengedwa pamaso pa woweruza, monga zimakhalira ndi milandu yambiri ya chipepeso. Kutatsala milungu 5 kuti tsiku la kukhoti lifike, mbali ziwirizi zinakumana, ife tili m'chipinda china, ndipo mayi aja ankabwera kudzatiuza chilichonse chimene chanenedwa asanayankhe. Tsiku limenelo anakumbukira kupempha kuti pakhale kupuma ola lililonse, ndipo ankalankhula ndi amuna anga mwachindunji, pang'onopang'ono, akuwatchula kuti bambo, osati kulankhula za iwo ngati palibe. Ndalama zimene tinagwirizana, atachotsa 10 peresenti ija, zinaposa kasanu ndi kamodzi zimene zinali m'kalata yoyamba. Chifukwa lipoti la katswiri linasonyeza kuti amuna anga tsopano amafulumira kuvomera zinthu asanaganize bwino, ofesiyi inatilangiza kuti gawo lalikulu la ndalamazo lisungidwe mwa dongosolo lofuna anthu awiri osayina, ndipo iwo eni anavomera atafotokozeredwa kawiri, pa masiku awiri osiyana. Malangizo amenewa anatithandiza posakhalitsa, pamene anthu ena anamva zoti talandira chipepeso n'kuyamba kubwera ndi mapulani a bizinesi.

Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa ofesiyi zinayi. Ndingaitchule kwa m'bale wanga weniweni chifukwa cha kudziwa kwake za ubongo, kukana kwake kuthamangira chipepeso, ndi kunena zoona ngakhale pamene zinali zowawa. Nyenyezi imodziyo ndachotsa chifukwa cha miyezi itatu ija ya chete ndi makalata ovuta aja. Mlandu utatha ndinawalembera madandaulo angawa, ndipo mayi aja anandiimbira okha, n'kuvomera za kusalankhula ndi za kusinthasintha maloya, ngakhale kuti pa nkhani ya malipiro anaumirira kuti zonse zinali m'mgwirizano. Nditapitako komaliza kukatenga mapepala athu, ndinapeza wailesi yakanema ija itachotsedwa m'chipinda chodikirira, magetsi ali momwemo. Amuna anga tsopano amagwira ntchito m'mawa masiku atatu pa mlungu, m'malo amene tinakonza ndi mbali ya ndalama zija. Mnyamata wawo uja ndiye amayeza ndi kulemba mizere pa thabwa, iwo amapala ndi kulumikiza, ndipo ikakwana 11 koloko amakhala atatopa, n'kukagona m'chipinda chotseka makatani mpaka masana.